Mwana wanga akupempha kompyuta: kodi imuthandizadi kukonzekera ntchito ndi moyo?

Kholo la ku Dómuè

Ndakupatsani moni nonse, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Ine ndine mlimi wa kuno ku Dómuè, m'boma la Angónia, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo chigulitsireni soya wa chaka chino. Ndili ndi mwana wamkazi amene ali mu kalasi 10, ndipo mlongo wake, amene ndi mzime wathu, ali mu kalasi 7.

Mtsikanayu wandichonderera kwa miyezi yambiri kuti ndimugulire kompyuta ya m'manja, ngakhale ikhale yoti wina anagwiritsapo kale ntchito. Akuti kusukulu kwawo kuli phunziro la TIC, la za makompyuta ndi njira zamakono zotumizirana mauthenga, koma makina ndi ochepa kwambiri moti chaka chonse chatha iye anakhala pampando n'kuwagwira kawiri kokha. Masiku ena onse aphunzitsi amajambula pabolodi ndi choko, ana n'kumakopera m'makope, ndipo pa mayeso amatchula bwinobwino mayina a ziwalo za chinthu chimene zala zawo sizikuchidziwa. Aphunzitsiwo sindikuwaimba mlandu, chifukwa munthu sangagawe chimene sanapatsidwe.

Nditachotsa ya feteleza, ya mbewu ndi ya aganyu, ndalama imene yatsala ingathe kuchita chinthu chimodzi chokha. Ndingagule kompyuta yakaleyo, kapena foni yamakono imene tonse pakhomo tingamagwiritse ntchito, kapenanso ndingagule ng'ombe yaing'ono kuti mwanayu akadzamaliza kalasi 12 tidzaigulitse n'kumulipirira maphunziro apamwamba. Amayi a anawa ali kumbali ya ng'ombe, ndipo mfundo yawo ndi yomveka: ng'ombe imakula ndi kuswa, pamene makina amakalamba tsiku ndi tsiku. Ndiwonjezere kuti kwathu kuno mawaya a EDM, kampani ya boma ya magetsi, sanafike, tili ndi sola yaing'ono yoyatsira mababu atatu ndi kutchajira foni.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi zimene ndimaona pa tsiku la msika. Anyamata amakhala m'makhonde a mashopu mitu ili pansi kuyambira m'mawa, ena akuonera mafilimu, ena akubetcha pa kandege kaja mpaka ndalama yonse ya fodya kapena ya nyemba itatha. Amenewa makina ali nawo, koma sindikuona kuti akuwakonzekeretsa ntchito iliyonse. Tsono funso langa kwa inu amene mumaphunzitsa, ndi inu amene mumagwira ntchito ku Tete, ku Moatize kapena ku Songo, ndi ili: kodi mwana wa mlimi akadziwa kompyuta, chenicheni chimene wapindula n'chiyani pa tsiku limene akukafuna ntchito, nanga akapanda kulembedwa ntchito n'kubwerera kumunda kuno, luso limenelo lidzamuthandiza chiyani? Safunsa anadya phula, choncho ndiuzeni mosabisa, ngakhale yankho lake likhale lakuti ndigule ng'ombe.

Mphunzitsi wa ku Ulónguè

Bambo a ku Dómuè, zikomo pofunsa poyera funso limene makolo ambiri amangonong'onezana pachipata cha sukulu. Ine ndine mayi, ndaphunzitsa Chipwitikizi ku sekondale kwa zaka zambiri m'dera lino, ndipo zimene mwana wanu wakuuzani zokhudza makina ojambulidwa ndi choko ndi zoona ndithu.

Ndiyambe ndi zimene ndimaona chaka ndi chaka ana akamaliza kalasi 12. Amene akufuna kulemba mayeso olowera ku mayunivesite a boma, monga Eduardo Mondlane kapena UniZambeze, amayamba alembetsa pa intaneti, akatero amapatsidwa manambala aja timati entidade ndi referência oti akalipire nawo, kenako amatsatira pa intaneti pomwepo kuti adziwe malo olembera ndi zotsatira zake. Mwana amene sanagwirepo makina amapita kwa anyamata a m'timashopu tosindikiza mapepala n'kuwalipira kuti amulembetsere. Ndinaonapo mtsikana wanzeru kwambiri akulira chifukwa dzina lake linalembedwa mosiyana ndi limene lili pa BI yake, chitupa chake cha unzika, ndiponso mnyamata wina amene imelo ndi senha yake, mawu achinsinsi otsegulira imeloyo, zinatsala m'mutu mwa munthu wa pashopu, moti uthenga wofunika utabwera iye sanauone mpaka nthawi itadutsa. Ana amenewa anakhoza masamu ndi sayansi, koma anapunthwa pakhomo asanalowe n'komwe.

Tikumbukirenso chaka cha 2020. Sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19, maphunziro anasamukira pa wailesi ndi pa kanema wa TVM, ndipo aphunzitsife tinkatumiza mafunso pa WhatsApp kwa makolo amene anali ndi mafoni otha kulandira. Ana atabwerera m'kalasi, kusiyana kunali koonekeratu pakati pa amene anapitiriza kuwerenga ndi amene anakhala miyezi yonseyo osaona tsamba lililonse. Mpata umenewo ena sanautseke mpaka anasiya sukulu.

Pa zinthu zitatu mwatchulazo, za ng'ombe ndisiyira inu ndi amayi a kunyumba, popeza ndinu mukudziwa mmene pakhomo panu palili. Koma pakati pa foni ndi kompyuta, ine ndili kumbali ya kompyuta. Foni inapangidwa moti munthu azilandira zimene ena akonza, ndipo zambiri mwa izo zinakonzedwa n'cholinga chomugwira maso kuti asachoke, n'chifukwa chake anyamata a pamsika aja mitu imakhala pansi. Pa kompyuta mwana amakakamizika kupanga kanthu ndi manja ake: kulemba kalata yofunsira ntchito n'kuikonza mpaka iwongoke, kuika manambala m'mizere kuti makina awerengere, kusunga zolemba m'malo oti mawa azipeze, kusandutsa chikalata kukhala PDF n'kuchitumiza pa imelo. Zimenezi n'zimene mlembi wa ku chipatala, wa ku ofesi ya boma kapena wa ku kampani yogula fodya amachita tsiku lililonse, ndipo ubwino wake n'ngwakuti zambiri mwa izo zimaphunzirika popanda intaneti, kotero simudzafunika kugula mamega tsiku ndi tsiku.

Komabe pali chenjezo limene sindingalisiye. Makina sapatsa mwana luso lowerenga ngati alibe. Chiyambire kumapeto kwa 2022, pamene kunabwera ChatGPT ndi mapulogalamu ena oyankha mafunso, ndakhala ndikulandira ntchito zolembera kunyumba za Chipwitikizi chosalala ngati cha m'buku, chopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Ndikamuitana mwini wake n'kumuuza kuti atseke kope andifotokozere m'Chinyanja chathu chomwechi zimene walembazo, amangoyang'ana pansi. Mwana wotere makina amulanda ngakhale chochepa chimene akanaphunzira akanalimbana nayo yekha ntchitoyo. Anthu ambiri sadziwa kuti chigawo chathu cha Tete, pamodzi ndi cha Gaza, n'kumene boma linayesera koyamba kuphunzitsa ana m'chinenero cha makolo awo pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo kuno chinenerocho chinali Chinyanja. Maziko a ntchito imeneyo anali akuti mwana amamvetsa chinthu akatha kuchinena m'mawu a kwawo. Muyeso umenewu, bambo, mungathe kuugwiritsa ntchito ngakhale inuyo simudziwa kompyuta. Madzulo alionse muzimufunsa mwanayo kuti akuuzeni m'Chinyanja chimene wachita pa makinawo, ndipo akuonetseni ndi chala. Akamalephera masiku angapo otsatizana, mudziwe kuti makinawo akugwira ntchito ina.

Wamagetsi wa ku Moatize

Bambo, ndi inunso aphunzitsi, ndawerenga zonse ndipo zambiri ndikugwirizana nazo, koma ndikufuna ndithirepo mawu ngati munthu amene ali mkati mwa ntchito zimene makolo ambiri amalotera ana awo. Kwathu ndi ku Furancungo, m'boma la Macanga, ndipo ndakhala ndikugwira ntchito ya zamagetsi kuno ku Moatize pansi pa makampani osiyanasiyana amene amalembedwa maganyu m'migodi.

N'zoona kuti lero khomo la ntchito ndi makina. CV imatumizidwa pa imelo, mayeso a zachitetezo nthawi zambiri amalembedwa pa kompyuta, ndipo ukalowa, malipoti a zimene wakonza umawalemba pa makina kuti akuluakulu awaone tsiku lomwelo. Magalimoto akuluakulu onyamula malasha ali ndi sikirini kutsogolo kwa dalaivala imene imamuuza kokatenga katundu, kulemera kwake ndi chimene chavuta mu injini. Ndaona amayi akuyendetsa makina amenewa mwaluso, choncho musaganize kuti poti mwana wanu ndi wamkazi ndiye kuti malire ake ndi mpando wa mlembi.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi ndi apa. Kudziwa kulemba pa kompyuta pakokha si ntchito. Ndaona achinyamata ambiri akubwera ndi satifiketi ya miyezi itatu ya informática, maphunziro a kompyuta, akukhulupirira kuti basi afika, koma pachipata amapeza anzawo mazana ali ndi pepala lomwelo. Amene amalembedwa ndi uja amene ali ndi luso la manja kapena la mutu, kompyuta n'kukhala chida chake chothandizira. Ine mota ikasiya kuzungulira, kompyuta imangondionetsa nambala ya vuto, koma kuti ndidziwe ngati chapsa ndi waya, fyuzi kapena koyilo, ndimatenga multímetro, kachipangizo koyezera magetsi, n'kuyeza, ndipo kumasulira zimene ndayezazo kumafuna masamu ndi fizikisi ya ku sekondale. Mabuku ofotokoza makinawa amakhala m'Chipwitikizi, ambiri m'Chingerezi, ndipo apa ana a m'malire monga a ku Angónia, amene makutu awo anazolowerako Chingerezi cha ku Malawi, ali ndi mwayi umene sauzindikira.

Choncho mukagula makinawo, mwanayo akhale ndi kumene akuloza. Kuno ku Moatize kuli sukulu ya za miyala ndi migodi, Instituto Médio de Geologia e Minas. Mumzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, ku Songo kuli ina yophunzitsa uinjiniya, ndipo kwanu konko ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya UniZambeze. Palinso maphunziro afupiafupi a ntchito zamanja a bungwe la boma la IFPELAC. Ndikunena zimenezi chifukwa migodi imasintha manja. Kampani ya ku Brazil ya Vale inayamba kutulutsa malasha kuno mu 2011, inamanga njanji yodutsa ku Malawi mpaka ku Nacala, koma pofika 2022 mgodiwo unali utagulitsidwa kwa kampani ina yotchedwa Vulcan. Makontirakiti amatha, anthu amabwerera kwawo, ndipo amene amapulumuka ndi amene luso lake lingathe kunyamulidwa kupita nalo kwina. Mnzanga wina ntchito itamuthera anayamba kuika masola m'midzi ndi kukonza mapampu a madzi, ndipo mitengo ya zipangizo ndi ngongole za makasitomala amazisunga pa kompyuta yakale yomwe ija ankalembera malipoti.

Tsopano za magetsi, chifukwa apa m'pamene makolo ambiri amagwa. Damu la Cahora Bassa, limene linamalizidwa mu 1974, limatha kupanga mamegawati 2,075, ndipo gawo lalikulu limayenda ndi mawaya mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa, pamene midzi yambiri ya m'chigawo chathu ikudikirabe kuti ilumikizidwe. Boma linalonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhala ndi magetsi, koma mwana wanu sangadikire chaka chimenecho. Sola ya mababu atatu siingathe kudyetsa kompyuta. Tchaja ya kompyuta ya m'manja imakoka mawati 45 mpaka 65, ndipo zambiri zimafuna mavoti 19, pamene foni imatchajidwa ndi mavoti 5 okha. Kuti mwana aziigwiritsa ntchito maola awiri kapena atatu madzulo, pafunika panelo ya mawati pafupifupi 100, batire ya mavoti 12, kachipangizo koteteza batireyo kuti isadzaze mopitirira, ndiponso inveta, kapena tchaja ya m'galimoto yokweza mavoti 12 kufika pa 19, imene imawononga moto wochepa kuposa inveta. Mtengo wa zonsezi muuphatikize pa mtengo wa kompyutayo musanapereke ndalama. Ndipo pogula yakale, muuze wogulitsa azule tchaja, inu mukhale pomwepo ola lathunthu makinawo ali oyaka, chifukwa ambiri amaoneka bwino kunja koma batire inafa kale. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayi wa geni ya kachewere ku Tsangano

Bambo, mawu awa ndi anga koma akundilembera ndi mwana wanga wamwamuna, chifukwa ine sukulu ndinalekezera panjira pamene tinathawira ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, ndipo titabwerera mtendere utabwera mu 1992 ndinali nditakula kale. Ndimagula ndi kugulitsa mbatata ya kachewere, ndipo ndikufuna ndiyankhe mbali yachiwiri ya funso lanu, ya mwana amene sadzalembedwa ntchito, chifukwa tinene zoona, ana athu ambiri adzakhala otero.

Aphunzitsi aichepetsa foni, koma ine foni ndi imene inandichotsa m'manja mwa ogula oponderezana. Kale galimoto ikafika m'mudzi, mtengo unali umene mwini galimoto wanena, chifukwa sitinkadziwa kuti thumba likugulidwa bwanji ku Tete, ku Chimoio kapena ku Beira. Lero ndisanakweze thumba ngakhale limodzi ndimayamba ndaimba, mwana wanga amajambula mbatatayo n'kutumiza chithunzi kwa wogula, ndipo ndalama imabwera pa M-Pesa kapena pa e-Mola, osayendanso ndi ndalama m'chitenje. Ife a m'malire timagulitsanso m'makwacha, ndipo kusintha makwacha kupita ku metikali popanda kuberedwa kumafuna mutu wodziwa kuwerengera msanga.

Komabe chimene chinasintha geni yanga kwenikweni ndi tsiku limene mwanayu, ataphunzira pang'ono kwa mnzake amene ali ndi kompyuta, anayamba kulemba zonse m'mizere: mtengo wogulira, matumba opanda kanthu, onyamula, galimoto, msonkho wa pamsika ndi mbatata yowola panjira. Titaphatikiza tinapeza kuti maulendo ena amene ndinkabwerera ndikusangalala kuti ndapindula, ndinkangobweza ndalama yanga yomwe, ndipo ena ndinkaluza. Zaka zambiri ndinkagwira ntchito osadziwa zimenezi. Tsono mlimi wa soya ngati inu, mwana wanu akadziwa zimenezo, phindu lake mudzaliona chaka chomwecho osadikira kuti alembedwe ntchito ku Moatize.

Zoopsa ziliponso, ndipo ine zinandigwera. Ndinalandira uthenga wonena kuti ndalama ija nditumize pa nambala iyi, tsiku lomwe ndinkayenera kulipira mwini galimoto, ndipo ndinatumiza osaimba kaye. Ndalamayo sinabwerenso. Ana athu ayenera kuphunzitsidwa kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, kuti ntchito yoti uyambe walipira ndalama kuti ulembedwe ndi bodza, ndiponso kuti chithunzi chikachoka m'manja mwako sichibwerera.

Ndipo poti mwana wanuyo ndi wamkazi, ndinene ngati mayi. Mtsikana akalakalaka chinthu nthawi yaitali makolo osamumvera, pamapezeka mwamuna wina wa ndalama amene amamugulira, ndipo malipiro ake tonse tikuwadziwa. Lamulo la 2019 linaletsa kukwatitsa ana osakwana zaka 18, koma lamulo silikhala m'nyumba mwanu usiku, mumakhalamo ndinu. Mwana wanu wapempha kwa bambo ake, ndipo wapempha chida cha sukulu. Chimenecho musachitenge mopepuka. Mukagula, chikhale cha banja lonse, chizikhala pabalaza pamene aliyense akuona, ndipo amayi ake adziwe kuchiyatsa ndi kuchizimitsa.

Wophunzira za ulimi

Bambo, ine ndine wamng'ono pa onse amene ayankha, choncho mundikhululukire ngati ndilankhule mopitirira msinkhu. Ndinakulira kumudzi ngati mwana wanuyo, ndipo ndinafika ku yunivesite ndisanalembepo tsamba lathunthu pa kompyuta. Ntchito yoyamba imene tinapatsidwa, anzanga ochokera ku Beira ndi ku Tete anaimaliza madzulo amodzi, pamene ine ndinatha masiku anayi ndikusaka zilembo ndi chala chimodzi pa makina obwereka, ndipo tsiku lachitatu zonse zinafufutika chifukwa sindinkadziwa kuti munthu amayenera kusunga zimene walemba asanazimitse. Nzeru za m'kalasi sanandipose, koma chaka chonse choyamba ndinkathamangira kumbuyo kwawo pa chinthu chimene ndikanachiphunzira ndili mu kalasi 10.

Pa ulimi penipeni, makina amathandiza munthu amene akudziwa kale munda. Ndipereke chitsanzo. Mukabzala chimanga m'mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, hekitala imodzi imalowa mapesi opitirira pang'ono 53,000. Mwana wodziwa kuika zimenezi mu Excel, pulogalamu yowerengera manambala m'mizere, angathe kusintha nambala imodzi n'kuona nthawi yomweyo kuchuluka kwa mbewu ndi feteleza zimene munda wanu ukufuna, m'malo mogula mongoyerekeza. Chimodzimodzi ntchembere zandonda, zimene zinafika m'dziko muno mu 2017: mlimi akajambula tsamba lodyedwa n'kutumiza kwa mlangizi, amathandizidwa mbozi zisanalowe mu mtima wa chimanga. Koma kuti adziwe tsamba loyenera kujambula, ayenera kukhala woti amalowa m'munda m'mawa, choncho khasu musamulande mwanayo poti wagwira kompyuta.

Za intaneti musade nazo nkhawa kwambiri. Mabuku a sukulu, mayeso a zaka zapitazo ndi mavidiyo ophunzitsa masamu angathe kukopedwa kamodzi pamene wina wapita ku Ulónguè, n'kusungidwa pa fulashi. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa LibreOffice imene imagwira ntchito zofanana ndi za Word ndi Excel, ndiponso ina yotchedwa Kiwix imene imalola munthu kuwerenga Wikipedia popanda intaneti. Palinso timapulogalamu tophunzitsa kulemba ndi zala zonse khumi, ndipo mwana akamachita mphindi 20 tsiku lililonse, pakutha pa miyezi iwiri kapena itatu amalemba osayang'ana zala.

Maganizo anga omaliza ndi akuti mtolowu musausenze nokha. Ngati pali mabanja awiri kapena atatu oyandikana nanu amene ali ndi ana a ku sekondale, mungathe kusonkherana, wina kompyuta, wina panelo, wina batire, ana n'kumasinthana masiku. Ana akamaphunzira awiri kapena atatu pa makina amodzi amaphunzitsana msanga, ndiponso amalondana okhaokha.

Mphunzitsi wa ku Ulónguè

Achimwene a ku Moatize anena zoona kuti satifiketi ya informática payokha siidyetsa munthu, ndipo mawu anga asamveke ngati ndimatanthauza zimenezo. Amayi a ku Tsangano nawonso andikonza bwino pa za foni, pakuti ine ndimaiona m'manja mwa ana a sukulu, pamene iwo amaiona m'manja mwa munthu wa geni. Pa za kusonkherana ndingowonjezera kuti mugwirizane poyambirira, pamaso pa mboni, za amene adzalipire makinawo akawonongeka ndi nyumba imene azigona, chifukwa ndaona ubale wa anthu oyandikana ukutha pa nkhani ya chinthu chogawana. Mtsikanayo asamayende usiku kupita kunyumba ya eni kukaphunzira. Ngati n'kotheka makinawo azikhala kwanu, anzakewo ndiwo azibwera dzuwa lisanalowe.

Kholo la ku Dómuè

Ndathokoza nonse, aphunzitsi, achimwene a ku Moatize, amayi a ku Tsangano ndi iwe mwana wanga wa zaulimi. Mayankho anu ndinawawerengera amayi a kunyumba dzulo madzulo, ana onse awiri ali pomwepo. Mawu amene anawagwira mtima amayiwa ndi a amayi anzawo a ku Tsangano, makamaka aja a maulendo amene munthu amaganiza kuti wapindula pamene wangobweza ndalama yake, chifukwa ifenso soya wa chaka chino sitikudziwa bwinobwino ngati watipatsa phindu tikachotsa zonse zimene tinalowetsa. Za ng'ombe sanazisiye, ndipo tagwirizana kuti chaka chamawa ndalama yoyamba idzapita kumeneko, zivute zitani.

Ndalankhula ndi mlamu wanga, amene nyumba yake ili pafupi ndi yathu ndipo ali ndi anyamata awiri ku sekondale. Iye wavomera kugula panelo ndi batire, ine ndigula kompyuta, ndipo zonse zizikhala pabalaza pathu monga mwa malangizo a aphunzitsi. Tikauza malume awo a anawa kuti akhale mboni ya pangano lathu. Mtsikanayu ndamuuza kuti ntchito yake yoyamba idzakhala kulemba zonse zimene talowetsa m'munda wa chaka chino, kuyambira pa mbewu mpaka pa matumba, ndipo Loweruka lililonse azidzatifotokozera m'Chinyanja ine ndi amayi ake. Mlongo wake azidzamuwerengera manambala kuchokera m'kope langa.

Ndipita ku Ulónguè Lachisanu likubwerali kukaona makina awiri amene ndauzidwa kuti akugulitsidwa, ndipo ndikachita monga mwanenera, kuzula tchaja n'kukhala pomwepo ola lathunthu. Achimwene a ku Moatize, ndithandizeni pa chinthu chimodzi ndisananyamuke. Mlamu wanga ali ndi batire yakale ya galimoto imene akuti ikadali yamoyo, ndipo akufuna tiyambe ndi imeneyo kuti tichepetse mtengo. Kodi ingathe kupirira kutchajidwa ndi kutsitsidwa tsiku ndi tsiku, kapena tilimbe mtima tigule batire yopangidwira sola? Ndiponso miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumagwa chiperoni, dzuwa osaoneka masiku atatu kapena anayi, tsono mundiuze ngati panelo ya mawati 100 ija ikwanirebe nyengo imeneyo.